Eyakoni Ikafooka Galimoto Iri Ciimire

CHIPATA — Mwezi wa October ukafika, dzuwa la m'Cigawo ca Kum'mawa silisankha munthu. Limaocha mlimi wososa munda wake, limaocha mai wogulitsa tomato pa msika wa Kapata, ndipo limaochanso iwo amene ali m'magalimoto otseka mazenera. Pa nyengo imeneyi pali dandaulo limodzi limene limamveka kawirikawiri m'magalaja a mu Chipata, ku Katete ndi ku Lundazi. Mwini galimoto amafika nanena kuti makina oziziritsa m'kati mwa galimoto, amene ambiri amawacha eyakoni, akucita zodabwitsa. Galimoto ikamathamanga pa mseu waukulu wopita ku Lusaka mphepo imatuluka yozizira bwino, koma ikangoima kuyembekeza okwera, kapena kufola pa mzere wa m'malire pa Mwami, mphepo ija imasanduka yofunda ngati mpweya wa m'kamwa.

Kale nkhani yotere ikadakhala ya mabwana a m'maofesi okha, koma lero siziri conco. Magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, amene ambiri amalowa m'dziko lino kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa Nakonde, afika mpaka m'midzi. Alimi ena agula Corolla kapena Hilux ndi ndalama za soya, nshawa, thonje ndi fodya. Galimoto imodzi yotere imathandiza mudzi wonse. Ndiyo imanyamula mai wodwala kupita naye ku cipatala ca St Francis ku Katete, ndiyo imaperekeza ana a sukulu, ndiyonso imadyetsa banja ikamagwira nchito ya takisi. Ikafa, olira amakhala ambiri.

Cimene eni magalimoto ambiri sadziwa n'cakuti kufooka kwa eyakoni galimoto iri ciimire nthawi zina kumakhala cenjezo la matenda aakulu. Fani imene imaziziritsa eyakoni ndiyo yomweyo, kapena inzake yoyandikana nayo, imene imaziziritsa madzi a injini. Munthu amene anyozera cizindikiro cimeneci, kapena amene angothamangira kukaonjezera gasi, angadzazindikire mocedwa injini itawira ndipo gasiketi itapsa. Mtengo wokonzera injini yopsa ungathe kumeza phindu la munda wonse, pamene coyambitsa cinali fyuzi ya ndalama zocepa.

Mmene Makinawa Amagwirira Nchito

Eyakoni sipanga kuzizira. Nchito yake ndi kutenga kutentha kwa m'kati mwa galimoto ndi kukakutaya kunja. Amai a m'midzi amadziwa kale nzeru imeneyi, pakuti madzi a mu mtsuko wadothi amazizira cifukwa cakuti madzi ocepa amene amatulukira m'tizibowo ta dothi amauma, natenga kutentha kupita nako. M'galimoto, mmalo mwa madzi muli gasi wochedwa R134a, amene amawira ngakhale pa kuzizira kwa madigiri 26 kunsi kwa ziro. Akamawira m'timipope tobisika kuseri kwa dashibodi, amayamwa kutentha kwa mphepo yodutsapo, ndipo mphepoyo imafika kwa okwera iri yozizira.

Gasi wotenga kutenthayo amapita ku kompuresa, imene imamufinya mwamphamvu. Anthu a mu Chipata, mzinda wa njinga kumene kunali fakitale ya Luangwa Industries, safuna kuuzidwa zimene zimacitika mpweya ukafinyidwa: pampu ya njinga imatentha m'manja munthu akapopa kwa nthawi. Gasi wotentha uja amapita tsono ku kondensa, cipangizo cooneka ngati radiyeta yopyapyala cimene ciri kutsogolo kwenikweni kwa galimoto, patsogolo pa radiyeta. Pamenepo ndi pamene ayenera kutula katundu wake wa kutentha kwa mphepo ya kunja, nasanduka wamadzimadzi, kuti abwerere kukatenga wina. Akalephera kutula, amabwerera m'kati ali wolemedwa kale, ndipo sangathe kunyamulanso kanthu.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, mphepo imawomba kondensa mwaulere, ndipo injini imazungulira ka 2,000 kapena ka 3,000 pa mphindi imodzi, nizunguza kompuresa mwamphamvu kudzera pa lamba. Ikaima, zonse ziwiri zimasowa nthawi imodzi. Injini imatsika kufika pa 700 kapena 800, ndipo mphepo yaulere ija imatheratu. Catsala ndi fani yokha. Cilema ciri conse caching'ono cimene liwiro linali kubisa cimaonekera poyera pa nthawi imeneyi.

Kuyamba Ndi Fani

Kaamba ka ici, makanika wodziwa nchito yake sayamba ndi botolo la gasi. Amatsegula boneti, naliza injini, nayatsa eyakoni mpaka pa mapeto, kenaka n'kuyang'ana fani. Pa magalimoto ang'onoang'ono monga Corolla, Vitz ndi Noah fani imayendera magetsi, ndipo iyenera kuyamba kuzungulira pasanapite nthawi kompuresa itagwira. Ngati iri cete, mlandu wapezeka. Mwini galimoto angathe kuona zimenezi yekha pakhomo pake popanda kulipira munthu, malinga asunge manja, malaya ndi citenje kutali, cifukwa fani ya magetsi imadzuka mwadzidzidzi.

Fani ikakhala cete, coyamba kuona ndi fyuzi ndi rile m'kabokosi kakuda ka pafupi ndi batire. Marile ambiri m'kabokosiko amafanana, cotero munthu angasinthanitse ya fani ndi inzake yofanana nayo kuti aone ngati fani idzuka. Pambuyo pake ndi mawaya, amene amasweka ndi kugwedezeka kwa miseu yafumbi kapena kudyedwa ndi makoswe, makamaka galimoto ikamagona pafupi ndi nkhokwe. Ngati zonsezi ziri bwino, ndiye kuti mota ya fani yatha. Mota yotopa iri ndi khalidwe lake: imadzuka munthu akaigogoda pang'ono ndi cigwiriro ca sipanala, kapena imazungulira mwaulesi moti munthu angathe kuwerenga mapiko ake. Fani yotere imanyenga, cifukwa woyang'ana amati ikugwira nchito pamene mphepo yake siingazime ndi nyali yomwe.

Palinso cinthu cina cimene cimacitika galimoto ikacokera kokonzedwa. Mawaya awiri a fani akalumikizidwa mosemphana, fani imazungulira cobwerera, nikankhira mphepo yotentha ya injini kutsogolo mmalo moikokera m'kati. Kapepala kamodzi kamaulula zimenezi. Kakaikidwa kutsogolo kwa kondensa kayenera kukokedwa ndi kumamatira. Kakauluzika, mawaya asemphana. Momwemonso cophimba ca pulasitiki cozungulira fani, cimene ambiri amataya cikasweka galimoto itagunda mbuzi kapena ng'ombe, sicokongoletsera ai. Popanda ico fani imangotakasa mphepo ya m'mbali, osaikoka kupyola m'kondensa.

Magalimoto aakulu monga Hilux ndi Land Cruiser kawirikawiri ali ndi fani yoyendera lamba, yokhala ndi kilachi ya mafuta pakati pake. Mafutawo akatha, fani imangotsatira injini mofooka. Poyesa, injini iyenera kukhala yotentha koma yozima. Fani yabwino imalimba munthu akaikankha ndi dzanja, pamene yakufa imazungulira yokha kangapo ngati gudumu la njinga. Ena amaiocherera kuti igwire mpakampaka. Mphepo imabweradi, koma mafuta amatha msanga, phokoso limakula, ndipo pampu ya madzi imalemedwa mpaka kuonongeka.

Fumbi, Udzu Ndi Thonje

Ngakhale fani ikhale yamphamvu cotani, siingakoke mphepo kupyola khoma. Miseu ya ku Chadiza, ku Vubwi ndi ya m'minda ya ku Chipangali imadzaza kondensa ndi fumbi. Nyengo yokolola imaonjezapo njere za udzu, mankhusu ndi ulusi wa thonje, nthawi ya lupsa imabweretsa phulusa, ndipo mvula yoyamba imabweretsa inswa ndi matope. Zonsezi zimamatana pakati pa timapiko ta kondensa mpaka kukhala ngati bulangeti. Malo oipitsitsa ndi mpata wopapatiza wa pakati pa kondensa ndi radiyeta, umene suoneka munthu ataima kutsogolo. Galimoto ingaoneke yoyera kunja pamene mumpatamo muli zinyalala zodzaza manja awiri.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati vuto lagona pamenepa, ndipo siifuna cida ciri conse koposa ndowa ya madzi. Injini ikulira, eyakoni iri yoyaka, munthu mmodzi amakhala m'kati dzanja liri pa kabowo kotulukira mphepo, wina namawaza madzi ozizira pa kondensa kucokera kutsogolo, mosamala kuti asanyowetse zamagetsi. Ngati m'mphindi imodzi kapena ziwiri mphepo ya m'kati yazizira, ndiye kuti gasi alimo ndipo kompuresa iri moyo. Cosowa ndi mphepo ya pa kondensa basi. Munthu amene wacita zimenezi asanapite ku galaja sanganamizidwe wamba.

Potsuka, madzi ayenera kuthiridwa mofatsa, ndipo kumene kuli kotheka acokere kumbuyo kupita kutsogolo, kuti zinyalala zituluke njira imene zinalowera. Anyamata otsuka magalimoto m'tauni amakonda makina opopera madzi mwamphamvu, koma mphamvu imeneyo imagoneka timapiko ta aluminiyamu ngati cimanga cogwa ndi mphepo, ndipo tikagona mphepo siidutsanso. Nyali zazikulu zoonjezera, zitsulo zochinga kutsogolo ndi sefa ya udzudzu imene ena amamanga poopa njere za udzu, nazonso zimacepetsa mphepo. Sefayo ndi yothandiza m'thengo, koma imafuna kukutumulidwa tsiku ndi tsiku.

Nkhani Ya Gasi

Mau akuti "gasi watha" ndiwo amafulumira kutuluka pakamwa, ndipo nthawi zina amakhala oona. Gasi akacepa, kompuresa yoyenda pang'onopang'ono imalephera kumuzunguza mokwanira, cotero kuzizira kumabwera pokhapokha injini ikakwera. Koma gasi wa eyakoni sali ngati petulo amene amapsa n'kutha. Amazungulira m'mipope yotsekeka, ndipo akacepa msanga ndiye kuti pali podonthera. Malo otere amadziwika ndi banga la mafuta lomata fumbi pa mfundo za mipope, pa kondensa pamene mwala unalasa, kapena kutsogolo kwa kompuresa. Kuonjezera gasi osatseka podonthapo kuli ngati kutungira madzi m'dengu, ndipo pali eni magalimoto amene amalipira kawiri kapena katatu cilimwe cimodzi.

Coipa cina, cimene sicichulidwa kawirikawiri, ndi gasi wopyola muyeso. Makanika wosasamala akapeza eyakoni yofooka kaamba ka fani yakufa, naonjezera gasi pamwamba pa gasi wokwana kale, amakulitsa matenda. Mphamvu ya m'mipope imakwera mpaka siwichi yotetezera imazima kompuresa, imene imayamba kugwira ndi kusiya, kugwira ndi kusiya. Galimoto iri yonse iri ndi muyeso wake wolembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa boneti, ndipo pa magalimoto ang'onoang'ono umakhala pakati pa magalamu 400 ndi 600. Nchito yolongosoka ndiyo kucotsa gasi wakale, kutseka podontha, kukoka mpweya ndi cinyontho ndi pampu kwa theka la ola, kenaka kuthira gasi woyezedwa pa sikelo. Alimi amene amakana kugulitsa cimanga cao popanda sikelo ayenera kukananso gasi wothiridwa mongoyerekeza.

Mageji awiri, yabuluu ndi yofiira, ndiwo maso a makanika. Pa tsiku lotentha bwino, injini ikulira galimoto iri ciimire, yabuluu imakhala pakati pa 30 ndi 45 psi, ndipo yofiira pakati pa 150 ndi 250, malinga ndi kutentha kwa tsikulo. Zonse ziwiri zikakhala pansi, gasi wacepa. Yofiira ikamakwera kupyola 300, kutentha sikukucoka pa kondensa, kapena gasi wacuruka. Koma yabuluu ikakhala pamwamba pamene yofiira iri pansi, n'kumakonzeka injini ikapondedwa, ndiye kuti kompuresa yatha m'kati ndipo siikufinyanso. Imeneyi ndiyo nkhani yowawa pa zonse cifukwa ca mtengo wake, ndipo mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha kuti aonetsedwe mageji asanavomere kugula ina.

Gasi Woyenera Ndi Lamulo

Magalimoto akale anali kugwiritsa nchito gasi wa R12. Akatswiri atapeza kuti gasi ameneyu amaononga ozoni, mpweya wa kumwamba umene umachinga dziko ku ukali wa dzuwa, maiko anapangana mumzinda wa Montreal m'caka ca 1987 kuti amusiye. Zambia inalowa m'panganolo mu 1990, ndipo pofika mu 2010 maiko otukuka kumene anayenera kukhala atasiyiratu. Opanga magalimoto anasamukira ku R134a ca m'ma 1994. Uyu saononga ozoni, koma kilogalamu imodzi ya iye imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu 1,430 a mpweya wa carbon dioxide. N'cifukwa cake mu October 2016 maiko anapangananso ku Kigali, m'dziko la Rwanda, kuti nayenso acepetsedwe pang'onopang'ono, ndipo magalimoto atsopano ambiri akubwera ndi R1234yf. M'dziko lino bungwe la Boma la ZEMA ndilo limayang'anira za mipweya yoononga ozoni. Cizolowezi cotsegula mpope kuti gasi aphwere m'mwamba n'cotaya ndalama, ndiponso n'coononga.

Mitundu ya gasi siisakanizidwa. Gasi wa mafiriji ena a m'nyumba ndi gasi wophikira amaziziritsadi, koma amayaka moto, ndipo timipope tina ta eyakoni tiri pafupi ndi maondo a okwera. Gasi wochipa wosadziwika kumene wacokera ngwoopsanso. Mu 2011 makontena oziziritsa katundu anaphulika pa madoko a ku Vietnam ndi ku Brazil, anthu atatu namwalira, ndipo ofufuza anapeza kuti munathiridwa gasi wacinyengo wosakaniza ndi mankhwala ochedwa R40. Gasi weniweni amene, akathovokera m'maso kapena pa khungu amaumitsa mnofu nthawi yomweyo, cotero kumasula mipope si nchito yoyesera pakhomo.

Zina zotsala n'zazing'ono ndipo sizivuta kuzipeza. Lamba wolefuka amalira mokwiyitsa eyakoni ikangoyatsidwa. Kilachi ya kompuresa ikatha, imagwira m'mawa kuli kozizira koma imakana masana. Injini iyenera kudzikweza yokha pang'ono eyakoni ikayaka. Ngati mmalo mwake ikunjenjemera ngati ifuna kuzima, pakhosi polowera mpweya padzala fumbi. Batire ndi alitaneta zofooka zimacedwetsa fani, ndipo injini ikulira mita iyenera kuonetsa mavoti apakati pa 13.5 ndi 14.5. Koma ngati mphepo ikutuluka yocepa nthawi zonse, poyenda ndi poima pomwe, coyamba kuona ndi sefa ya mphepo ya kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa wokwera, imene magalimoto ambiri sanasinthidwepo cicokereni ku Japan.

Muvi wa geji ya kutentha kwa injini ndiwo wofunika kuuyang'anitsitsa. Magalimoto ambiri amazima okha kompuresa injini ikatentha kopyola muyeso, pofuna kuipulumutsa. Cotero ngati mphepo yafunda pa mzere wa magalimoto opita ku Nc'wala pa Mtenguleni kapena ku Kulamba pa Mkaika, ndipo muvi ukukwera, woyendetsa ayenera kuzima eyakoni, kupatuka ndi kupumitsa injini. Civundikiro ca radiyeta sicitsegulidwa injini iri yotentha.

Pamene Palibe Colakwa

Si kufooka kuli konse kumene kuli matenda. Munthu wotsika kucokera ku Chipata kupita ku Mfuwe, m'cigwa ca Luangwa, amapeza kutentha kopyola madigiri 40 m'mwezi wa October. Kondensa imataya kutentha movutikira mphepo ya kunja ikakhala yotentha conco, ndipo ngakhale galimoto yatsopano imafooka pang'ono ikaima pa dzuwa. Cothandiza ndi kuima pa mthunzi, kutsegula mazenera kwa mphindi zocepa poyamba ulendo kuti mpweya wotentha utuluke, kenaka kukanikiza batani lozunguza mphepo ya m'kati momwemo. Woyendetsa takisi akumbukirenso kuti galimoto yaing'ono yolira ciimire ndi eyakoni imamwa pafupifupi lita imodzi ya petulo pa ola.

Makolo ena amasiya mwana m'galimoto yolira, podalira eyakoni, iwo nalowa m'sitolo kapena m'banki. Eyakoni yofooka poima ingaleke nthawi ina iri yonse, ndipo m'galimoto yotseka iri pa dzuwa kutentha kumakwera ndi madigiri 10 m'mphindi 10 zokha. Thupi la mwana limatentha msanga kuposa la wamkulu. Kugona m'galimoto yolira, makamaka m'nyumba yotseka kapena paipi ya utsi iri yobooka, kwapha anthu m'maiko ambiri ndi utsi wa carbon monoxide umene ulibe fungo.

Tsopano m'miseu ya Chipata mwayamba kuoneka magalimoto oyendera petulo ndi magetsi pamodzi, monga Prius ndi Aqua. Pa magalimoto amenewa kompuresa siidalira lamba. Iri ndi mota yakeyake yamagetsi, cotero iyenera kuziziritsa mofanana ngakhale injini itazima pa mzere. Ikafooka poima, fani ndi kondensa ndizo zoyamba kuonedwa monga mwa ena onse. Kusiyana kwake n'kwakuti kompuresa yotere imafuna mafuta akeake osadutsa magetsi, ndipo mafuta wamba a eyakoni akalowamo, ngakhale otsalira m'mipope ya mageji, angathe kuiononga. Mawaya ake okutidwa ndi mtundu wa lalanje amanyamula magetsi okwanira kupha munthu, ndipo ayenera kugwiridwa ndi makanika yekhayo amene anaphunzira za magalimoto a mtundu umenewu.